Kuno Tikungoyesa

"Ika nkhwangwayo pansi, iwe Mwanahawa! Ndati ika pansi!"

Dalesi anaima pakati pa mng'ono wake ndi mtengo wa mango, manja ali m'chiuno, mpango utapendekera kukhutu. Kunali kudakali m'mawa, koma dzuwa la Okutobala linali litayamba kale kuwotcha kumapazi.

"Patukani achemwali. Amisiri anena kuti mthunzi wake ukugwera padenga."

"Amisiri! Mtengo anabzala amayi, ana ako ndi anga akulira mango ake, lero ugwe chifukwa cha galasi? Galasi lakenso la munthu woti anaiwala kumene chitseko chako chimatsegukira?"

"Ndi amuna anga."

"Amuna ako! Chitengere kamtsikana kaja ku Ntaja, Zuhura, agonamo kangati muno? Ashehe amati wa mitala azigawa masiku mofanana. Nanga ako masiku anadya chiswe?"

Mwanahawa anayang'ana pansi. Mudzi wonse unkadziwa. Amuna akewo, Che Uladi, anabwerako ku Joni ndi gulu lomaliza pamene Teba, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi, inatsekedwa, n'kutsegula kagolosale pa Ntaja, n'kukwatira kachiwiri komweko. Kwa mkazi wamkulu, kumudzi wa m'njira yopita ku Chiuta, ankangoonekera pamaliro. Koma dzulo lake anatulukira pa njinga atamangirira chinthu chaphwatalala chokutidwa m'bulangete, pambuyo pawo pakubwera mmisiri wa ku Balaka dzina lake Jasten, atanyamula batire. Chinthucho ankati sola, galasi lakuda lomwa dzuwa masana kuti madzulo nyale iyake popanda palafini.

"Akanatha kupita nalo ku Ntaja," anatero Mwanahawa motsitsa mawu. "Abwera nalo kuno. Madzi saiwala khwawa, achemwali."

"Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Ndakuuza kangati kuti tiitane ankhoswe, akupatse mawu ako okusudzula, upume? Ana unakwatitsa onse. Ukudikira chiyani?"

"Ndikudikira iwowo."

Dalesi asanapeze chonena, belu la njinga linalira kumsewu. Che Uladi anatsika mwaulemu wake, wamtali, kofia yoyera pamutu, mimba itayamba kutsogola monga zimakhalira ndi eni magolosale.

"Salaamu aleikumu, alamu."

"Aleikumu salaamu. Njira mwaikumbukira bwanji, alamu? Ife timati mwina mlatho unakokoloka."

Che Uladi anangoseka, n'kuvula malaya, n'kulandira nkhwangwa m'manja mwa mkazi wawo. Dzuwa lisanafike paliwombo mtengo unali pansi, timango tosakhwima titamwazika bwalo lonse. Dalesi anatola tingapo m'chitenje n'kumapita kwake osatsanzika. Tinene zoona, Mwanahawa mtengowo unamuwawa kwambiri. Koma anali ataima pakhonde ndi chikho cha madzi, akuyang'ana thukuta likutsika pamsana pa mwamuna wake, mwamuna akugwira ntchito pakhomo pake ngati kale, ndipo mtima wake unasankha kuona zimenezo.

Jasten anafika masana. Anali bambo wamfupi, Mkatolika, wolankhula ngati wailesi yopanda pozimitsira. Ntchitoyi anaiphunzira kwa ansembe, poika masola a mafiriji osungira katemera m'zipatala za kumudzi. Anatsamiritsa galasilo pamtondo, n'kulumikiza mawaya awiri, wofiira ndi wakuda, ku kabokosi kokhala ndi singano mkati.

"Mayi, bwerani muone. Musaope, sililuma."

Singano inanyamuka n'kukaima kumanja.

"Mwaona? Lili moyo. Tsopano taonani ichi." Anavula chipewa n'kuphimba ngodya imodzi yokha ya galasilo. Singano inagwa ngati yakomoka. "Limeneli ndi lonyanyala, mayi. Kamthunzi pang'ono, tsamba limodzi, chitosi cha khwangwala, basi lasiya ntchito. N'chifukwa chake ndinati mtengo uja uchoke."

"Ndiye kuti latheka?" anafunsa Che Uladi.

"Iyayi bwana, apa tangoona kuti likupuma. Batireli lagona nthawi yaitali m'bokosi. Tiike galasi padenga, lizimwa dzuwa, ife tizibwera madzulo kudzapima ngati batire likudzaza ndi kusunga moto. Pansi pano mbuzi zingaponde, ndiye akamvuluvulu a masiku ano sayang'ana nkhope."

Anakwera pamakwerero, anaboola malata, n'kumanga galasilo ndi mabawuti, litapendekera pang'ono kumpoto.

Madzulo a tsikulo Mwanahawa anakwecha chipini chake ndi phulusa mpaka chinawala pamphuno, n'kuvala chitenje chimene chinkangogona m'sutikesi. Itatha swala ya magharibi, pemphero la dzuwa litangolowa, Jasten anadina kabatani pakhoma. Kuwala koyera kunadzaza nyumba yonse, kukuonetsa mwaye wakudenga ndi ulusi wa akangaude umene koloboyi ankaubisa. Anthu anaunjikana pakhomo akuwomba m'manja. Mwanahawa anakaima pansi penipeni pa nyaleyo, kuti ngati pali tsiku loti amuna ake amuone bwinobwino, likhale limenelo. Che Uladi khosi linali chagada, akuyang'ana nyale.

"Ngati ku Joni," anatero. "Ndithu ngati ku Joni."

"Madzi osamba ndatenthetsa, bambo a Elube," anatero Mwanahawa.

"Iyayi amake Elube, golosale ilibe mlonda. Ndibwera mawa kudzaona batire."

Ndipo anabweradi. Anabwera mawa lake, anabwera mkuja, sabata yonse belu likulira pabwalo itangotha swala ya asiri, dzuwa litapendeka. Mwanahawa ankadzuka ndi nyimbo pakamwa. Ankapita kudoko kukasankha milamba yowamba yonona, n'kuphika ndi mpunga wafungo umene ankasungira alendo. Che Uladi akatha kuyang'ana singano ndi Jasten, ankakhala pamkeka, kudya, kumwa tiyi, nthawi zina kufotokoza za m'migodi, za mnzawo wa ku Rivirivi amene mwala unamudula zala. Tsiku lina anagona tulo pakhondepo, kofia itagwera pambali. Mwanahawa anakhala chapafupi akuingitsa ntchentche, osafuna ngakhale kutsokomola.

Dalesi ankaonera zonsezi pakhomo pake, akusenda chinangwa.

"Mlendo ndi mame," ankatero, osayang'ana munthu.

Tsiku lina Jasten anafika Che Uladi asanabwere. Mwanahawa anamupatsa thobwa, n'kukhala pataliko.

"Amisiri, kodi nyale yachiwiri ingatheke kuchipinda? Komanso mvula ikayamba, galasili silivutika?"

"Aa, mvula ikamayamba lidzakhala lili ku Ntaja kale, mayi. Kuno tikungoyesa."

Jasten, poti pakamwa pake panalibe mabuleki, anapitiriza.

"Che Uladi sanakuuzeni? Chinthuchi anagula kwa mzungu chitagwira kale ntchito. Ndiye akuti ku Ntaja kuli maso ambiri. Kukachiika pagolosale, anthu n'kusonkhana, mayi aang'ono n'kuitana abale awo, kenako osayaka, manyazi ake angathawe nawo kuti? Ndiye anati tiyeni tikayambe tayesera kumudzi, kopanda anthu."

"Kopanda anthu," anabwereza Mwanahawa.

Apa m'pamene Jasten anayang'ana nkhope ya mayiyo, n'kuyang'ana chitsa cha mango pabwalo, thobwa n'kumuwawa m'kamwa.

"Ine ndimayesa mukudziwa, mayi."

"Batire likadzaza ndiye kuti mwatha?"

"Dzuwa likapitiriza chonchi, mawa kapena mkuja timasula."

Che Uladi atabwera anapeza mpunga wawo uli pamkeka monga mwa masiku onse. Mwanahawa anawathirira madzi osamba m'manja, sanafunse kanthu. Akanafunsa, akanauzidwa zoona, ndipo zoonazo zikanatseka njira tsiku lomwelo. Iye chimene ankaopa si kunamizidwa ayi, kunamizidwa anali atakuzolowera. Ankaopa madzulo opanda belu.

M'mawa mwake, anthu atapita kukasosa m'minda, anatenga chiguduli chakale ndi nsungwi yaitali. Makwerero anali chitsamire pakhoma. Anakwera pang'ono n'kukankhira chiguduli chija pamwamba pa galasi. Dzuwa litapendeka anachikoka, n'kuchibisa m'nkhokwe.

Madzulo singano inangonyamuka pang'ono n'kuima panjira. Jasten anakanda m'mutu.

"Zachilendo. Dzulo linatsala pang'ono kudzaza. Tilipatse masiku ena, bwana."

Che Uladi anadandaula, anadya mpunga, n'kulonjeza kubweranso mawa. Mwanahawa anawaperekeza mpaka pamsewu.

Zinayenda choncho sabata ina yathunthu. Jasten anasintha mawaya, anapukuta galasi, anathira madzi a m'botolo m'batire, koma singano inakana kukwera. Tsiku lina Dalesi anabwerako msanga kumunda n'kupeza mng'ono wake ali pamakwerero, nsungwi ili m'manja.

"Mwanahawa! Ukuyanika chiyani padenga?"

Mwanahawa anatsika pang'onopang'ono, n'kukhala pansi, n'kufotokoza zonse zimene ananena mmisiri. Dalesi anagwira pakamwa.

"Ndiye iwe unagwetsa mtengo wa amayi kuti uchotse mthunzi, lero ukupanga mthunzi ndi chiguduli? Mng'ono wanga, misala imayamba chonchi."

"Mwina ndi misala."

"Munthu wakutenga ngati mbale yolawira ndiwo. Zikakoma akadyera kwa Zuhura, zikawawa utsuke ndiwe. M'malo momuthira madzi otentha, ukumuphikira milamba?"

"Achemwali, amuna anu anamwalira, munalira, munameta, zinatha. Ine wanga ali moyo. Ndimamva kwa anthu kuti wanenepa, kuti wagula njinga. Ndikapita kumsika ku Ntaja ndimazungulira kuseri kwa mzikiti kuti ndisamuone akuseka ndi wina. Masiku ano akukhala pamkeka wanga. Ndikudziwa kuti sakubwerera ine, sindine mwana. Koma akubwera."



"Walira mvula walira matope," anatero Dalesi. "Chiguduli chimenechi chidzagwera munthu wina, udzaona."

Sanalakwitse. Loweruka lake Che Uladi anafika nkhope ili gwa, pambuyo pawo pali anyamata awiri a yufi ovala malaya ofiira. Masiku amenewo munthu ukaona malaya ofiira pakhomo pako, malovu ankauma. Jasten anali atafika kale, ali chogwada pa batire.

"Dzuka iwe," anatero Che Uladi. "Wandipusitsa mokwanira. Anthu andiuza ku Ntaja. Amisiri inu mumasintha batire la munthu, labwino n'kukagulitsa kumishoni, mwini wake n'kumusiyira chigoba."

"Bwana, ine? Batire lake ndi lomweli, onani chizindikiro munalemba nokha ndi msomali."

"Ukanena kwa apampando a chipani. Kumeneko pakamwa pamatseguka bwino."

Mmodzi wa anyamatawo anafunsa khadi ya chipani. Jasten anaitulutsa n'kuwapatsa. Anaiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, n'kukhumudwa poona kuti ndi ya chaka chomwecho.

"Ndiloleni ndikwere kamodzi kokha," anapempha Jasten. "Mwina waya wina wamasuka."

Anakwera. Anagwiragwira mawaya, anayang'ana kunsi kwa galasi. Kenako dzanja lake linaima pa bawuti ina, pamene panakodwa ulusi wa chiguduli. Anauchotsa, anauyang'ana, n'kuyang'ana pansi pamene panaima Mwanahawa. Maso awo anakumana. Jasten anaika ulusiwo m'thumba n'kutsika.

"Sindinapeze kanthu, bwana."

"Mumangeni."

Anyamata aja anamupotokola manja kumbuyo, wina n'kumumenya khofi lakuti chipewa chinagwera m'fumbi. Ankamumanga ndi lamba wa njinga pamene Mwanahawa analowa m'nkhokwe n'kutuluka ndi chiguduli chija. Anachiponya pamapazi pa amuna ake.

"Mmasuleni bamboyo. Wakuba ndi uyu."

"Chiyani chimenechi, amake Elube?"

"Ndimaphimba galasi lanu m'mawa, ndimachotsa musanabwere. Ndine. Mmisiri sanalakwe kanthu, batire lanu ndi labwino, galasi lanu ndi labwino. Mwayesa, latheka."

Anthu amene anabwera kudzaonerera kumangidwa kwa mmisiri anasendera pafupi, poti nkhani inali itakoma kuposa imene anabwerera.

"Iwe?" anakuwa Che Uladi. "Masabata onsewa ndikupalasa njinga padzuwa, kusiya golosale, chifukwa cha iwe? Wandichititsa manyazi pamaso pa anthu!"

"Anthu ati, alamu?" anafunsa Dalesi ali pambali pa nkhokwe. "Si paja munati kuno n'kopanda anthu?"

Ena anaseka, ena anabisa nkhope m'zitenje. Che Uladi anayang'ana Jasten moipidwa, n'kutembenukiranso kwa mkazi wawo.

"Nsanje! Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Unkadziwa kuti chipembedzo chimandilola kutenga wina."

"Chimakulolani, bambo a Elube, ine sindinakanepo. Tsiku la nikahi yanu, pomanga ukwati ndi Zuhura, ndinaphika nawo mpunga, funsani anthu. Koma chipembedzo chomwecho chimati mugawe. Gawo langa lili kuti? Munapita ku Joni, ndinadikira. Munapitanso, ndinadikira, ndikulima ndekha, ndikuika ana m'manda ndekha. Ndinkati akadzabwera ndidzapuma. Mwabwera, ndiye m'pamene mwapita kutali kuposa ku Joni."

"Nanga malata awa anakugulira ndani?"

"Malata salankhula. Malata sadya mpunga."

"Ndiye umafuna undilande sola?"

"Sola yanu sindikuifuna. Koloboyi wandikwanira zaka zonsezi. Tengani, kawalitsireni Zuhura, nayenso ndi mwana wa munthu. Ine ndimangofuna kuti kuyesako kuchedwe kutha. Mukanandiuza poyamba kuti amake Elube, tibwereke denga lako, ndikanakubwerekani. Mtengo ndikanadulabe. Ndikanadula ndikudziwa. Koma munandisiya ndikwecha chipini ngati mtsikana, mudzi wonse ukundiona."

Che Uladi anayang'ana chitsa, anayang'ana chiguduli, ndipo kwa kamphindi nkhope yawo inafewa, ngati munthu amene wakumbukira nyimbo yakale. Akanakhala awiri okha, kaya, mwina akananena mawu ena. Koma panali anthu, ndipo Che Uladi chimene ankaopa kwambiri pa dziko lapansi ndi maso a anthu.

"Jasten, masula. Tikupita nalo lero lomwe."

Anyamata a yufi anamasula mmisiri akuseka. "Za m'banja izi, ife sitilowerera," anatero amene anamenya khofi uja, ngati kuti khofilo linadzimenya lokha. Kupepesa kunalibe, kwa iwo ngakhale kwa Che Uladi.

Jasten anatola chipewa chake, anachikung'untha, n'kukwera. Tsiku limenelo wailesi yake inazima, ankangogwira ntchito. Atatsitsa galasi ndi kuchotsa nyale pakhoma, anadutsa pafupi ndi Mwanahawa.

"Pepani mayi. Pakamwa panga."

"Pepani ndinu, bambo. Tsaya lanu."

Akumangirira katundu panjinga, Jasten analoza padenga.

"Bwana, mabowo a mabawuti aja atsala pululu. Afunika phula mvula isanagwe."

"Ndibwera nalo Lachisanu," anatero Che Uladi, phazi lili kale pa pedulo, osacheuka.

Lachisanu linafika. Mwanahawa anasesa bwalo, anaphika mpunga, madzulo anaupereka kwa adzukulu a Dalesi. Lachisanu linanso linadutsa. Anthu obwera kumsika ankasimba kuti golosale ya Che Uladi ikuwala ngati chipatala, kuti achinyamata akumasonkhana pakhonde pake kumvera kaseti, kuti Zuhura wayamba kugulitsa mandasi madzulo. Ankasimba mokweza akamadutsa pakhomo pa Mwanahawa, poti anthufe chisoni cha mnzathu timachikonda chikhale ndi ndiwo.

Kenako mitambo inaunjikana kumapiri a Chikala, mphepo inanunkha dothi, ndipo masana ena mvula yoyamba inagwa ndi ukali wake wonse. Itangodukiza pang'ono, Dalesi anathamangira kwa mng'ono wake atafunda thumba kumutu, m'manja muli chitini cha phula limene anakapempha kwa asodzi omata mabwato. Anapeza Mwanahawa atakhala pampando pakati pa nyumba. Pansi anali atandandalika mapoto ndi beseni, madzi akudontheramo kuchokera m'mabowo aja, ena akuthawira pambali n'kunyowetsa mkeka.

"Dzuka, ugwire makwerero. Ikubweranso iyi. Ndikwera ndekha, anthu aseke ngati akufuna."

"Asiyeni, achemwali."

"Wati chiyani?"

"Mabowowo asiyeni."

"Wapenga? Ufa unyowa, zofunda zinyowa, khoma ili ligwa!"

"Anati abwera nalo phula." Mwanahawa anasuntha poto wina ndi phazi kuti alunjike bwino pamene pankadontha. "Akakamva kuti mwamata kale, abwera kudzatani?"

Dalesi anakoka mpweya kuti akalipe. Anayang'ana mng'ono wake, imvi zikutuluka kunsi kwa mpango, chipini chikuwalabe pamphuno. Anaika chitini cha phula pansi, kuseri kwa chitseko. Kenako anawerama, n'kukokera mkeka uja kukona kumene sikunkadontha.